Kusankha Sukulu ya Udotolo: Zimene Tinakambirana Pabanja Lathu

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'midzi ndi m'makomboni mumamveka nthungululu. Mwana amene wapambana bwino masamu ndi sayansi anthu sacedwa kumupatsa dzina latsopano: amayamba kumuitana kuti "adotolo" asanagwireko ngakhale jekeseni. Cimwemwe cimeneci n'coyenera, pakuti maphunziro otere safika pakhomo lililonse. Koma nthungululu zikatha ndipo alendo akabalalika, makolo amatsala ndi funso lolemera lakuti, kodi mwanayu akaphunzire kuti? Funso limeneli linafika pabanja lathu m'boma la Katete pamene mwana wamkazi wa mlongo wanga anapambana mayeso ake. Popeza atate ake anatisiya, ndipo mwa mwambo wathu wa Acewa malume ndiye mwini mbumba, katundu ameneyu anagwera pamutu panga. Ndaganiza zolemba zimene tinakambirana, kuti mwina zingathandize makolo anzanga amene ali pamphambano yomweyi.

M'masiku a ubwana wathu funso lotere panalibe. Pamene dziko lathu linalandira ufulu m'caka ca 1964, Azambia amene anali ndi madigiri anali pafupifupi 100 cabe, ndipo munthu wofuna udotolo anayenera kuoloka malire kupita ku Makerere m'dziko la Uganda, ku South Africa kapena ku Britain. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo madotolo oyamba ophunzitsidwa m'dziko muno anatsiriza maphunziro ao m'caka ca 1973. Kwa zaka zambiri pambuyo pake khomo linali limodzi lokha, ndilo sukulu ya pa Ridgeway mu Lusaka, pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH. Wolowa analowa, wotsala anatsala.

Lero makomo aculuka. M'caka ca 2011 Yunivesiti ya Copperbelt inatsegula sukulu yake ya udotolo ku Ndola, imene pambuyo pake inachedwa dzina la Michael Chilufya Sata. Yunivesiti ya Mulungushi ili ndi yake ku Livingstone. Mu Lusaka, m'mbali mwa mseu waukulu wobwera kuno kum'mawa, muli Yunivesiti ya Levy Mwanawasa imene nchito yake yonse ndi ya zaumoyo. Palinso masukulu amene si a Boma, monga Lusaka Apex ndi Cavendish, ndiponso masukulu osawerengeka a maiko akunja amene amaitana ana athu kupyolera pa lamya za m'manja. Kuculuka kwa makomo ndi dalitso, koma kwabweretsanso nchito imene makolo athu analibe, ndiyo nchito yosankha.

Pakhomo pathu panali maganizo awiri. Mlongo wanga anali atakumana ndi munthu wina wa ku Lusaka amene nchito yake ndi kupezera ana malo m'masukulu a kunja. Munthuyo anamupatsa mapepala onyezimira okhala ndi zithunzi za nyumba zazitali ndi acinyamata ovala makhoti oyera, ndipo anamuuza kuti malo alipo kale, congofunika ndi ndalama zoyamba mwezi usanathe. Mlongo wanga anandiuza kuti, "Acimwene, ng'ombe zimene anasiya atate ake zikudikira ciani? Tigulitse, mwana akwere ndeke." Mau amenewa sindinawapepule, pakuti anacokera mumtima wa mai amene analima nsawawa ndi mpendadzuwa yekha kuti mwana afike pamene anafikapo. Mwanayo analibe mau ambiri. Iye anangoti, "Amalume, ine ndifuna kukhala dotolo weniweni, kulikonse kumene mungaone kuti n'koyenera."

Mau akuti "weniweni" ndiwo amene ananditsogolera ku funso loyamba, ndipo ndilo lalikulu koposa onse: kodi pepala limene mwana adzabwera nalo lidzamulola kugwira odwala m'dziko lino? Akuluakulu a msinkhu wanga akukumbukira mbiri ya Dr Hastings Kamuzu Banda wa ku Malawi. Iye anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College m'dera la Tennessee ku America m'caka ca 1937. Ngakhale zinali tero, malamulo a Angerezi sanamulole kugwira nchito m'maiko amene iwo anali kulamulira ndi pepala la ku America lokha. Anayenera kupita ku Edinburgh ku Scotland kukaphunziranso, ndipo anatsiriza m'caka ca 1941. Ngati munthu wanzeru zotere anataya zaka cifukwa ca nkhani ya pepala, nanga mwana wa mlimi wa ku Katete angapirire bwanji?

M'dziko lathu mulinso alonda a pakhomo otere, ndipo n'cabwino kuti alipo, pakuti moyo wa munthu si cinthu coyesererapo. Bungwe la Health Professions Council of Zambia ndilo limalembetsa madotolo ndi kuwapatsa cilolezo, ndiponso limayendera masukulu a zaumoyo kuti lione ngati maphunziro ao ndi okwanira. Bungwe la Higher Education Authority limalembetsa mayunivesiti amene si a Boma. Bungwe la Zambia Qualifications Authority limapima mapepala ocokera kunja kuti lione ngati akulingana ndi athu. Palinso m'ndandanda wa masukulu a udotolo a dziko lonse lapansi, wochedwa World Directory of Medical Schools, umene munthu aliyense angathe kuuona pa intaneti popanda kulipira. Akale anati safunsa anadya phula. Cotero ndinakwera basi kupita ku Lusaka, ndi mapepala onyezimira aja m'cola.

Nditakumana ndi munthu uja, ndinamufunsa mafunso atatu. Kodi dzina la sukuluyi lili m'ndandanda uja? Kodi alipo Mzambia amene anatsiriza kumeneko ndipo tsopano akugwira nchito m'cipatala cathu, kuti ndikalankhule naye? Kodi ophunzira amaonera odwala m'cipatala citi? Pa mafunso onsewa yankho lake linali limodzi, lakuti zimenezo zidzakonzeka mwana akafika, koma ndifulumire kulipira cifukwa malo akutha. Munthu amene akukufulumizitsa kutulutsa ndalama koma akucedwa kuyankha funso, wakuuza kale zonse zimene uyenera kudziwa. Ndinamuthokoza mwaulemu ndi kutuluka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso laciwiri ndinaliphunzira kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa sayansi kale pamene ndinali mphunzitsi, ndipo tsopano ndi dotolo pa cipatala cina ca m'cigawo cathu. Iye anandifotokozera kuti maphunziro a udotolo ali ndi mbali ziwiri. Zaka zoyamba ndi za m'kalasi ndi m'labotale, pamene wophunzira amadziwa mafupa, mitsempha, kayendedwe ka magazi, tizilombo toyambitsa matenda ndi mphamvu ya mankhwala. Zaka zotsiriza ndi za m'mawodi, pamene amazungulira kwa ana, kwa amai oyembekezera, kwa odwala ofunika opaleshoni ndi kwa odwala matenda a m'kati mwa thupi. Anati mbali yoyamba ingaphunzitsidwe m'nyumba iliyonse yokhala ndi mabuku ndi aphunzitsi abwino, koma yaciwiri imafuna cipatala ceniceni codzaza ndi odwala, ndiponso madotolo aakulu okhala ndi nthawi yoimirira pambali pa bedi ndi wophunzira. Kotero kholo lisafunse za kukongola kwa nyumba. Lifunse kuti cipatala cophunziriramo n'citi, cili kutali bwanji, ndipo ophunzira angati amaunjikana pa wodwala mmodzi.

Apa ndipo ndinayamba kuona cuma cimene tili naco kwathu kuno. Ophunzira a pa Ridgeway ali ndi UTH, kumene kumafika matenda ovuta ocokera m'zigawo zonse. A ku Ndola ali ndi cipatala cacikulu ca mumzindawo, cipatala ca ana ca Arthur Davison, ndiponso ca ku Kitwe sicili kutali. A ku Livingstone ndi a pa Levy Mwanawasa alinso ndi zipatala zao zazikulu. M'zipatala zimenezi wophunzira amaona ndi maso ake matenda amene adzalimbana nao moyo wake wonse: malungo, cifuwa cacikulu, kacilombo ka HIV, likodzo, kuperewera kwa zakudya m'thupi mwa ana, ndi mavuto a amai pobereka. Amamva za kaodzera amene amapezeka m'cigwa ca Luangwa. Amene anali pasukulu mu Lusaka kuciyambi kwa caka ca 2024 anaona mliri wa kolera, pamene bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa malo osamalira odwala. Mwana wophunzira m'dziko lozizira angathe kutsiriza zaka zonse osaonapo mwana wokomoka ndi malungo, koma usiku wake woyamba pa cipatala ca kumudzi adzamuona.

Pali cinanso cimene ambiri sitiganizira, ndico cilankhulo. Dotolo amapeza matenda poyamba ndi makutu, manja ndi makina zimabwera pambuyo. Agogo a kumudzi sanena maina a matenda a m'mabuku. Iwo amati m'mimba mukupota, thupi likuphwanya, mtima ukuthamanga, m'cifuwa mukubaya, kapena mwana wagwidwa ndi njirinjiri. Mai wina amazungulira kutali asananene cimene camubweretsa, cifukwa ca manyazi, ndipo dotolo wodziwa mwambo amadikira ndi kufunsa mwa njira yoyenera. M'maiko ena ophunzira acilendo amaphunzitsidwa m'Cingerezi m'kalasi, koma akafika m'wodi amapeza kuti wodwala amalankhula Cirasha kapena Cichaina cokha. Wophunzira amene sanagwire bwino cilankhuloco amangoimirira kumbuyo kwa anzake, kuyang'ana osamva. Zaka za m'mawodi zikapita motero, pepala angalandire, koma manja ake amakhala asanaphunzire.

Funso lacitatu linali la ndalama, ndipo pa ili tinakhala pansi ndi pensulo. Maphunziro a udotolo amatenga zaka 6 kapena 7. Munthu wa ku Lusaka uja anatiuza mtengo wa caka coyamba cokha, osachula tikiti ya ndeke, malo ogona, cakudya, zovala za m'nyengo yozizira, viza, ndi inshuwalansi ya umoyo. Zonsezi zimalipiridwa m'madola, ndipo mlimi aliyense amene anagulapo feteleza akudziwa kuti kwaca ndi dola siziyenda pamodzi nthawi zonse. Titawerengera tinapeza kuti ng'ombe zathu zonse zikanatha caka caciwiri cisanathe. Nanga cacitatu? Palibe cinthu comvetsa cisoni ngati mwana wobwerera pakati pa ulendo, wopanda pepala, kupeza khola lili pululu ndiponso ang'ono ake atasiya sukulu. Kwa ophunzira a m'mayunivesiti a Boma kuli ngongole ya bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2016. Ndi ngongole ndithu, ndipo iyenera kubwezedwa mwana akayamba nchito, koma imabwezedwa m'makwaca ndiponso pang'onopang'ono.

Tinakumbukiranso zinthu zimene palibe pensulo ingaziwerengere. M'caka ca 2020 mliri wa COVID-19 unatseka malire, ndipo ophunzira ambiri acilendo amene anatuluka m'dziko la China anakhala nthawi yaitali osaloledwa kubwerera, nkumaphunzira udotolo pa kompyuta ali kunyumba. Mu February 2022 nkhondo inayambika ku Ukraine, ndipo ana athu amene anali kuphunzira kumeneko anathawa kudzera m'maiko oyandikana, Boma nkuwathandiza kubwerera kwao. Ambiri a iwo anali pakati pa maphunziro. Zotere palibe amene anazifuna, koma kholo lanzeru liyenera kudzifunsa kuti, zinthu zikasokonezeka kutali, kodi ndili ndi mphamvu yomubweza mwana ndi kumuyambitsanso?

Sindikunena kuti kuphunzira kunja n'koipa. M'zipatala zathu muli madotolo aluso amene anaphunzira ku Russia, ku China, ku Cuba ndi kwina, ndipo ena a iwo anabwera ndi nzeru zimene kuno zinali zosowa. Boma lenileni limatumiza ana kunja pa maphunziro olipiridwa ndi maiko amene tili nao paubwenzi, ndipo malo otere amalengezedwa poyera kuti aliyense apikisane. Njira imeneyo ndi yosiyana kutali ndi ya munthu wa cikwama amene amadya gawo lake pa mutu wa mwana aliyense. Sindikunenanso kuti masukulu athu alibe mavuto. Ophunzira ndi ambiri, malo ogona ndi ocepa, ndipo ena amacita lendi m'makomboni nkumayenda mtunda wautali. Za masukulu amene si a Boma, ena akugwira nchito yabwino ndipo atsegulira khomo ana amene akanatsala. Koma kholo lipite lokha kukaona ngati maphunziro a udotolo a pasukulupo ndi ovomerezedwa caka cimeneco, pakuti cilolezo cimaperekedwa ndipo cingathenso kulandidwa.

Cinthu cina cimene makolo ambiri amadabwa naco ndi cakuti kulandiridwa pa yunivesiti sikutanthauza kuti mwana walowa kale udotolo. Kwa zaka zambiri mwambo wa m'mayunivesiti athu aakulu wakhala wakuti wophunzira amayamba ndi sayansi wamba, ndiyo masamu, bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi, pamodzi ndi anzake mazanamazana. Pambuyo pake amene apambana koposa ndiwo amasankhidwa kupita ku udotolo, ena nkupita ku zamankhwala, ku zaulimi, ku zamigodi kapena ku uinjiniya. Mwana amene anali woyamba pasukulu yake ya kumudzi amapeza kuti m'kalasi monse muli oyamba okhaokha. N'cifukwa cake tinakambirana naye pasadakhale za njira zina zolemekezeka. Dziko lathu lasungidwa kwa zaka zambiri ndi makiliniko ofesa ophunzitsidwa pa Chainama, anamwino, azamba, ndi akatswiri a m'labotale. Pa zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, iwo ndiwo amene wodwala amawapeza pakati pa usiku.

Tinamuuzanso zoona za kutsogolo. Wotsiriza sukulu sakhala dotolo wodziimira payekha tsiku lomwelo. Amayamba wagwira nchito pansi pa madotolo aakulu kwa nthawi yoikika asanalembetsedwe mokwanira. Ndiponso nchito ya Boma siibwera msanga monga kale. M'caka ca 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, koma masukulu akutulutsa acinyamata ambiri caka ciliconse, ndipo ena akhala akuthandiza m'zipatala modzipereka akudikira kalata. Amene akulowa udotolo cifukwa ca galimoto ndi nyumba ya malata ofiira adzatopa msanga. Ndinafuna kuti mwanayo amve zimenezi kucokera kwa ife, asanazimve kwa anzake pakati pa mayeso.

Pomaliza ndinamufunsa cifukwa cake akufuna nchito imeneyi. Anakhala cete kanthawi, kenaka anatikumbutsa za usiku umene mng'ono wake anadwala malungo aakulu, ndipo tinamunyamula pa ngolo mpaka pamseu, nkukafika pa cipatala ca St Francis, cimene amishoni anaciyamba m'caka ca 1948. Anati cimene sanaiwale si mankhwala ai, koma dotolo wamkazi amene anagwada pansi nkufotokozera amai ake m'Cicewa zimene zinali kucitika m'thupi mwa mwana, mpaka mantha anacepa. "Amalume," anatero, "ndifuna kudzacita comweco kwa mai wina." Mlongo wanga atamva mau amenewa anapukuta misozi ndi citenje, ndipo nkhani ya ndeke sanaichulenso.

Tinatumiza mapempho ku mayunivesiti a Boma atatu, ndipo analandiridwa ku Copperbelt. Ng'ombe ziwiri zokha ndizo zinagulitsidwa, za zovala, mabuku ndi malo ogona. Zotsalazo zikulima, ndipo ang'ono ake akali pasukulu. Ulendo wake ukali wautali ndipo mpikisano ndi woopsa. Akabwera pa chuthi amakhala woonda ndi kuwerenga, koma maso ake ndi owala. Anthu a m'mudzi akamuitana kuti "adotolo" amaseka ndi kuwauza kuti adikire.

Kwa inu makolo anzanga, ndi inu amalume ndi azakhali amene mwasenza ana a abale anu, ndikuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Musatulutse ngwee imodzi musanadziwe ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi mabungwe a dziko lino. Funsani dzina la cipatala cimene mwana adzaphunziriramo, ndipo ngati n'kotheka kacioneni ndi maso anu. Funani munthu amene anatsiriza pasukulupo ndipo akugwira nchito, mumve kwa iye. Werengerani ndalama za zaka zonse kufikira tsiku lotsiriza. Ndipo mukatha zonsezi, mupatseni mwanayo mpata wolankhula, pakuti ndiye amene adzagona ndi mabuku zaka 7 ndi kudzuka pakati pa usiku kwa moyo wake wonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dotolo amene mukumusankhira sukulu lero ndiye amene mawa adzagwira dzanja la mai wanu, la mdzukulu wanu, kapena lanu lomwe.